Usafulumire Kunena Kuti Ndamva

Domasi, Loweruka masana

Yankho mwana wanga,

Ndakhala pakhonde pano ndi katebulo kogwedera kaja, pamene iwe wapita kutsidya kwa mtsinje kukatsanzika amalume ako. Ndikudziwa kuti sakumasula msanga. Akuuza kaye za mawondo awo, kenako za mbuzi zawo imodziimodzi, choncho nthawi ndili nayo. Kalatayi ndiika pansi penipeni pa chikwama chako, kunsi kwa jumbo ya mpunga, kuti ukaipeze utafika kale ku koleji. Pamaso pako zimenezi zandikanika kuyankhula. Ndayesa kawiri sabata ino, ndipo kawiri konse ndinathera kukufunsa ngati wachapa mabulangete.

Mawa m'mawa ndikuperekeza pa Songani, ndipo ndikudziwiratu mmene zikayendere. Kondakitala akakulanda chikwama tisanagwirane n'komwe chanza, akakupanikiza pampando wapakati pomwe sindingakuone nkhope, ndipo ine ndikatsala nditaima pamsewu ngati ndikudikira minibasi ina. Kenako ndibwerera kuno kudzapeza kapu yako pawindo ndi masilipasi ako pakhomo, chifukwa sunayambe wachokapo osaiwala kanthu. Nyumba ino ikakhala yopanda iwe imakula kwambiri, mwanawe. Ndayamba kale kukusowa ukadali kutsidyako.

Chandilembetsa ndi zimene unandiuza Lachitatu lija tikutong'ola chimanga pamphasa. Unati kusukulu ya udokotala kwanuko kuli maphunzitsidwe awiri. Pali masiku amene lekichala amaima kutsogolo kwa holo, iye n'kumayankhula, inu n'kumalemba manotsi. Zimenezo umazikonda, chifukwa munthu amadziwa pomwe phunziro layambira ndi pomwe lathera, ndipo mayeso akabwera umakhoza monga wakhala ukukhozera chiyambire Sitandade 1. Ndiye pali masiku ena amene amakugawani m'magulu a anthu asanu ndi atatu n'kukupatsani pepala lofotokoza wodwala wina wake, zaka zake ndi chomwe chikumuvuta, kuti inuyo mufufuze nokha chomwe akudwala ndi chochita naye. Mphunzitsi amangokhala pakona, osaphunzitsa kanthu, ntchito yake kufunsa kuti, "Waganiza choncho chifukwa chiyani?" Zimenezo umadana nazo. Unati, "Abambo, munthu yankho akulidziwa, koma wangokhala phee kumationerera tikunamizana. Kungotitayitsa nthawi basi."

Unandiuzanso kuti anzako onse saganiza ngati iwe. Mnzako Wongani wa ku Rumphi, yemwe akuti amayamba wayankhula n'kuganiza pambuyo, amati za m'gulu n'zimene zimamukhala m'mutu, pomwe za m'holo zimatsala pampando iye akamatuluka. Ena amati akufuna zonse ziwiri. Iwe wakhala semesita yathunthu m'gulumo osatsegula pakamwa, mpaka akuitanitsa n'kukuchenjeza kuti za m'gulu nazonso zili ndi malikisi ake, ndipo ukapitiriza kukhala chete ubwereza chaka. Pomaliza unanena motsitsa mawu, maso ali pachitsononkho, kuti mwina udokotala si wako. Mawu amenewo sanandigonetse tulo masiku atatu.

Koma pali china chimene unanena, chomwe iwe sunachiwerengere n'komwe. Unati tsiku lina anakupatsani nkhani ya mayi wa zaka makumi anayi ndi zingapo, wodwala bipi, amene anasiya kumwa mankhwala n'kudzafika kuchipatala atafa ziwalo mbali imodzi. Iwe unkadziwa zonse, mayina a mankhwala, mitsempha yomwe yavulala, chochita usiku woyamba. Koma mphunzitsi wanu anangofunsa kuti mayiyo anasiyiranji mankhwala, ndipo gulu linatha ola lathunthu likukangana za funso lomwe m'buku mulibe. Unaseka n'kunena kuti, "Nanga n'zofunsa zimenezo? Anthu akumudzi samva basi." Mwina unaona kuti ndinadzuka n'kupita kukayang'ana nkhuku. Nkhuku zinali bwinobwino. Ndifika pamenepo, koma undilole ndizungulire kaye, monga umadziwa kuti bambo ako sadziwa njira yachidule.

Ndiyambe ndi uphunzitsi wanga. Ndagwira choko zaka makumi atatu ndi zitatu, kuyambira kusukulu ya kuphiri kuja yomwe inalibe ndi zitseko zomwe, mpaka kudzapumira kufupi ndi kumishoni kuno. Zaka zonsezo ndinali ndi funso limodzi lomwe ndinkalifunsa kakhumi patsiku: "Mwamva?" Ana oposa zana ankayankha pamodzi ngati kwaya, "Tamvaaa." Ine n'kusasa choko m'manja, mtima uli m'malo. Chaka chatha ndikugula tomato pa Songani, mayi wina wojintcha, Abiti Saidi, anandipatsa moni wogwada n'kundiuza kuti ndinamuphunzitsa Sitandade 6. Pofuna kunditsimikizira, anaimirira pakati pa madengu ake n'kulakatula m'Chingerezi phunziro lonse la mmene masamba amapangira chakudya cha mtengo, osaphonya liwu ngakhale limodzi, mpaka kupumira pomwe ndinkapumira ine. Anthu anaomba m'manja, ine ndinadzimva kukoma. Kenako anasendera pafupi n'kundinong'oneza.

"Koma aphunzitsi, zimene zija kwenikweni zimatanthauza chani? Ndangokhala nazo zaka zonsezi."

Ndinamufunsa kuti bwanji sanafunse nthawi imene ija.

"Iii aphunzitsi, tikanati sitinamve bwenzi mutayambiranso poyamba, ndiye tikanaweruka nthawi yanji? Komanso kamtengo kaja kamene mumayenda nako, mwakaiwala?"

Anandiikira tomato atatu a banyira, ine n'kuchoka pamenepo jumbo ili yolemera kuposa mmene ndinaganizira. Mayi ameneyu walima moyo wake wonse. Masamba amawadziwa kuposa ine, amadziwa kuti akachita chikasu ndiye kuti akufuna chiyani. Ndikanangomupatsa mpata, iye ndi ine tikanaphunzitsana. Koma ndinamusenzetsa mawu opanda kanthu mkati, n'kumupatsa malikisi onse.

Liwu lathuli loti kumva lili ndi msampha, Yankho. Timamva ndi makutu, timamva kutanthauza kuti tamvetsa, timamva kutanthauza kuti tamvera, ndiponso timamva kupweteka. Mwana wa kuno akati "ndamva," nthawi zambiri akutanthauza kuti "ndakulemekezani, ndimasuleni ndizipita." Tinaleredwa choncho, ndipo ife aphunzitsi tinkadziwa, koma tinkasankha tanthauzo lomwe likutikomera. Ndiye chonde, usafulumire kunena kuti ndamva. Kwa lekichala, kwa mnzako, ngakhale kwa ine.

Cholakwa chachiwiri ndinakulakwira iweyo. Unali ndi zaka zisanu ndi zitatu, mwezi wa Okutobala, tikuwoloka mtsinje wa Domasi kuchokera kwa amalume ako komwe uliko panopa. Unandifunsa chifukwa chake madzi akuzizira pomwe mchenga ukuwotcha mapazi. Ndinati chifukwa amachokera kuphiri. Iwe unati, "Nanga kuphiriko dzuwa kulibe?" Sindinkadziwa choyankha. Pamiyala paja panali amayi akuchapa, ena mwa iwo makolo a ana a m'kalasi mwanga, ndipo anasiya kuchapa kuti amve zomwe aphunzitsi anene. Ndinakukalipira kuti mwana waulemu safunsa kawiri. Ndinati, "Wamva?" Iwe unayang'ana madzi n'kuti, "Ndamva, abambo." Kuyambira tsiku limenelo sindikumbukira kuti unandifunsanso funso lopanda yankho m'buku. Unasanduka katswiri woloweza, ine n'kumanyadira mapepala ako pamsika. Dzina lakoli anakupatsa ndi amayi ako, chifukwa tinadikira zaka zisanu opanda mwana ndipo iwe unali yankho la mapemphero awo. Ine ndi amene ndinalipotoza dzinalo, kulisandutsa lamulo loti uzikhala ndi yankho nthawi zonse. Ndiye ukamakhala chete m'gulu lakolo poopa kuti anthu asanu ndi awiri angakuone ukulakwa, ndikudziwa kumene unazitenga. Unazitenga pamtsinje paja.

Amayi ako sanali choncho. Esinati analekera Sitandade 5, koma sindinaonepo munthu wopanda manyazi pofunsa ngati iwo. Mawu awo anali akuti, "Tabwerezani, sindinamve." Anawauzapo alangizi a zaulimi pamsonkhano wa alimi a mpunga, katatu konse, mpaka alangiziwo anavula nsapato n'kulowa m'matope kukaonetsa ndi manja zomwe ankanena. Anawauzaponso abusa pakati pa kalasi ya akuluakulu. Ine ndinkachita manyazi, ndinkawakodola ndi chigongono kuti akhale chete, iwo n'kumati, "Inu aphunzitsi mwamva, ndiye tandiuzani," ndipo apo m'pamene ndinkazindikira kuti nanenso sindinamve. Makina osokera aja ali kuchipindako atawonongeka, anakana kuwanyamula kupita nawo ku Zomba. Anawamasula onse pamphasa, masiku awiri akuyesa, kulakwitsa, kuyambiranso. Pomaliza kachitsulo kamodzi kanatsala kopanda kolowa. Anakaika m'kabotolo n'kunena kuti kanali kongowonjezera, ndipo makinawo anasoka mayunifolomu ako onse mpaka unapita kusekondale. Akanakhala m'gulu lakolo, mphunzitsi wapakonayo akanatopa ndi iwo, ndipo Wongani sakanapeza mpata woyankhula. Ndimawasowa, Yankho. Zaka zisanu ndi chimodzi zapita, koma ndikamva mayi wina akuseka kudimba ndimatembenukabe.

Tsopano ndafika pomwe ndimazungulira paja. Iwe unali Fomu 1, ukugonera kusukulu. Amayi ako anayamba kudandaula mutu, wapankhongo, ndi chizungulire akawerama. Tinapita kuchipatala kutauni. Ine ndinavala jekete ndi tayi, ndi cholembera pathumba, poganiza kuti akationa choncho atilandira bwino. Titalowa, dokotala anawayeza pamkono, n'kuyezanso kachiwiri. Anali mnyamata wotopa, panja pali mzere wofika kugeti. Anandifunsa ntchito yanga, ndinati ndine mphunzitsi. Nkhope yake inamasuka, n'kutembenukira kwa ine, n'kuyamba kufotokoza m'Chingerezi, mofulumira, monga munthu amachitira akapeza mnzake womvana naye. Sindikumuimba mlandu. Anafotokoza zonse, ndipo anafotokoza zoona. Ine ndinatulutsa kabuku kanga n'kumalemba monga umalembera iwe m'holo muja. Ndinalemba dzina la mankhwala, ndinalemba kuti piritsi limodzi m'mawa uliwonse, ndinalemba za kuchepetsa mchere. Kenako ananena mawu awiri n'kugogoda patebulo ndi chala, ndipo ndinawalemba n'kuwadula mzere kunsi: for life.

Mawu amenewo atalowa m'khutu mwanga, matanthauzo awiri anabwera. Lina linati mankhwala a moyo wonse. Lina linati mankhwala opatsa moyo, opulumutsa munthu. Ndinakayika, mwanawe, ndipo chimenechi n'chimene sindinauzepo munthu aliyense. Sikuti sindinadziwe kuti pali funso. Funso linali pakamwa penipeni. Koma ndinali nditavala tayi, ndinali nditanena kuti ndine mphunzitsi, ndipo mkazi wanga ankandiyang'ana monyadira kuti mwamuna wake akuyankhulana ndi dokotala m'Chingerezi. Pomaliza dokotala uja anafunsa m'Chichewa, "Mwamva, aphunzitsi?" Ine ndinati, "Ndamva, adokotala."

Amayi ako, munthu amene sankalola liwu kumudutsa, tsiku limenelo sanafunse kanthu, chifukwa panali ine. Anadikira mpaka tili m'minibasi. Titadutsa pa Chinamwali anandigwira pabondo.

"Ndiye akuti chani adokotala?"

"Akuti magazi akuthamanga. Mankhwalawa ngamphamvu, opulumutsa moyo. Muzimwa limodzi m'mawa uliwonse mpaka mumalize dozi."

"Akatha basi?"

"Akatha basi."

Ukudziwa mmene tinaphunzitsidwira kuno. Kuyambira pawailesi mpaka kusikelo, nyimbo ndi imodzi, yoti malizani dozi, musasiyire panjira. Mankhwala a malungo amatha, a chifuwa amatha, a chilonda amatha. M'mutu mwanga munalibe malo a mankhwala osatha, choncho pa matanthauzo awiri aja ndinasankha lomwe linali ndi malo. Ndipo doziyo ndinaiyang'anira ngati rejisitala ya m'kalasi. Ndinajambula mizere pakalendala, m'mawa uliwonse ndinkachonga iwo akameza. Sanaphonye ngakhale tsiku limodzi. Mutu unasiya, chizungulire chinatha. Mapiritsi atatha, anandikumbutsa kuti m'kabuku kawo ka kuchipatala munalembedwa tsiku lobwerera. Ndinati limenelo ndi la amene sanachire. Anafunsanso patapita sabata, akupeta mpunga pabwalo apa: "Bambo a Yankho, mukutsimikiza kuti sanati tibwerere?" Ndinayankha mokweza, ngati ndili kutsogolo kwa bolodi, kuti kodi amene anamva Chingerezi chija ndi ine kapena iwo. Anaseka n'kupitiriza kupeta.

Miyezi isanu ndi inayi pambuyo pake, iwe utalowa Fomu 2, anagwa kudimba akuthirira mpiru. Zotsatira zake ukuzidziwa, ngakhale tinakuitana mochedwa. Chomwe sukudziwa ndi zimene zinachitika titangofika nawo kuchipatala. Namwino wina wachikulire anatsegula kabuku kawo n'kundifunsa kuti mankhwala a bipi akumwa ati. Ndinayankha molimba mtima kuti anamaliza dozi kalekale, sanaphonye ndi tsiku limodzi lomwe. Namwinoyo anatseka kabuku kaja. Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anangoti, "Bambo, a bipi satha."

Amayi ako anakhala masiku asanu ndi anayi osayankhula asanatisiye. Dzanja lamanja lokha ndi limene linkagwira ntchito, ndipo linkandifinya chala ndikakhala pambali pawo. Sindikudziwa ngati ankadziwa kuti wolakwa ndinali ine. Ndinawauza tsiku lachisanu ndi chiwiri, pamene azakhali ako anatuluka kukatunga madzi, koma sindingathe kunena ngati anamva. Pamaliro anthu ankati bipi ndi yoopsa, imangogwetsa munthu mwadzidzidzi. Amalume ako anandilola kukhalabe pamudzi pano, pamalo a mlongo wawo, ati chifukwa ndinamusamala bwino. Ine ndinalandira mawu amenewo osawakonza. Iwenso ndinakusiya ukhulupirire kuti zinangochitika. Madokotala mwina anganene kuti ngakhale akanamwa mankhwala zikanatha kuchitikabe. Mwina. Koma ine ndikudziwa funso lomwe sindinafunse, ndipo linali la mawu awiri okha.

Ndiye waona chifukwa chake ndinapita kukayang'ana nkhuku. Mayi wa papepala lanu uja sindikumudziwa, mwina anangomupeka. Koma usadzanenenso kuti anthu akumudzi samva. Wakumudzi anafunsa katatu, m'minibasi kamodzi ndi pakhomo pano kawiri. Amene sanamve anali wophunzira, wovala tayi, wokhala ndi manotsi olondola liwu ndi liwu. Funso lija limene linakutopetsa, loti anasiyiranji mankhwala, si lotayitsa nthawi. Ndi funso lomwe likanasunga amayi ako.

Sindikunena kuti lekichala ndi wachabe, usandimve molakwa. Ine ndine mphunzitsi wa bolodi ndi choko, ndipo ndidzafa ndili choncho. Munthu sangafufuze chinthu chomwe sakudziwa ngakhale dzina lake, ndipo pali zambiri zofunika kuti wodziwa aime kutsogolo n'kuzinena mwadongosolo, ena n'kulemba. Pitiriza kukonda holo yakoyo, uzikhala kutsogolo, uzilemba bwino monga umachitira. Ndikuvomerezanso kuti gulu likhoza kusochera, ndipo mphunzitsi wongokhala chete mpaka ana kutuluka ndi bodza nayenso walakwa. Zikatero uzimutsata panja n'kumufunsa. Koma manotsi ali ndi vuto limodzi, sakutsutsa. Ukhoza kulemba chinthu molondola, kuchiloweza, kuchikhoza pamayeso, osadziwa kuti wachimva chopotoka. Ine ndikanakhala ndi anthu asanu ndi awiri pambali panga tsiku lija, mmodzi yekha, ngakhale wolongolola ngati Wongani, akanati, "Aphunzitsi, ine ndamva mosiyana." Tikanakangana pang'ono, ndikanachita manyazi pang'ono, n'kubwerera kukagogoda pachitseko cha dokotala. Gulu lakolo ntchito yake ndi imeneyo. Ndi malo oti ulakwire papepala, pamaso pa anzako, pamene wodwala ndi wongopeka ndipo palibe amene akagone m'manda.

Choncho ukafika, uyambe ndi zochepa. Sabata yoyamba ungonena chinthu chimodzi chomwe sukutsimikiza. Ukalakwa akuseka, ndipo sudzafa nazo. Ukapanda kumva, unene kuti tabwerezani. Udzadabwa kuona ena atatu akumasuka chifukwa nawonso sanamve. Ndipo mphunzitsi wapakonayo akakufunsa kuti waganiza choncho chifukwa chiyani, usamuone ngati akukutchera msampha. Akukufunsa funso lomwe ine ndinalephera kukufunsa pamtsinje paja, pamene unali ndi maganizo ako ndipo ine ndinali ndi ulemu wanga woti ndiuteteze.

Ndipo tsiku lina ukadzavala chovala choyera chija, pakuti udzachivala, ndili ndi mapempho awiri. Loyamba, usadzafunse wodwala kuti mwamva. Adzakuyankha kuti eya, chifukwa ndiwe dokotala ndipo iye analeredwa bwino. Uzidzamufunsa kuti, "Mayi, mukafika kunyumba mukachita bwanji ndi mankhwalawa? Nanga akatha?" Ndiye udikire ayankhe ndi pakamwa pake, ngakhale mzere ufike kugeti. Lachiwiri, pakabwera mayi wa chitenje ndi bambo wa tayi, uziyankhula ndi mayi wa chitenjeyo, m'chiyankhulo chake. Wa tayiyo ndi amene ali ndi zambiri zobisa.

Zina zonse ukuzidziwa kale. Uzidya, usamangodalira tiyi ndi mabanzi nthawi ya mayeso. Mpungawu ndi wa m'munda wa amayi ako, ugawireko anzako a m'gulumo, mwina kudyera pamodzi kungakutsegule pakamwa. Juzi yobiriwira ija waisiya pachingwe, ndaipinda ndaika pamwamba. Uziimba foni Lamulungu masana, osati kungotumiza mauthenga, chifukwa mawu ako akufanana kwambiri ndi a amayi ako masiku ano ndipo ndimafuna kuwamva. Mango a pamtengo wa kuseri adzakhala atapsa mu Disembala. Chaka chatha ambiri anawolera pansi chifukwa ndekha sindingawathe, ndipo sindinafune kuwagulitsa.

Ndikudziwa kuti kalatayi ikhoza kundilanda mwana. Ukafuna kundikwiyira, kwiya, uli ndi chifukwa. Ukafuna kukhala kaye osandiyankhula, ndidikira. Ndinaganiza zopita nazo kumanda zimenezi, ndipo zikanatheka, pakuti palibe amene ankandikayikira. Koma Lachitatu lija nditakumva ukuseka funso lija ndi mawu anga enieni, ndi kutsimikiza kwanga komwe, ndinaona kuti ndikakhala chete ndidzakhala ndaphunzitsa dokotala amene adzachite kwa mkazi wa wina zomwe ndinachita kwa wanga. Bola undide uli dokotala wofunsa kusiyana n'kuti undikonde uli ngati ine.

M'envelopu muno mulinso kapepala kena kakang'ono, kothothoka m'mbali. Ndi tsamba lija la m'kabuku kanga. Ndalisunga m'Baibulo zaka zonsezi, ndipo uona kuti ndinalemba mwaukhondo, mzere wa kunsi uli wowongoka bwino. Litenge. Gulu lanu likadzakumana, ulitulutse, uwauze kuti uli ndi yankho limodzi la funso lija la mayi wosiya mankhwala. Ukafuna usatchule kuti ndi ndani, ukafuna utchule, ine manyazi anandithera. Amenewo akhale mawu ako oyamba m'gulumo.

Ndakuona ukutsika njira ya kumtsinje, wanyamula nkhuku yomwe amalume ako akukakamiza, ndiye ndilekere pano ndisanagwidwe. Chotsala ndi pempho limodzi. Ukadzabwera mu Disembala, ngati udzabwere, udzakhale nane pakhonde pano undifotokozere chomwe chinachitika m'mutu mwa amayi ako tsiku lija kudimba, chifukwa mpaka lero sindikudziwa bwinobwino ndipo sindinalimbe mtima kufunsa aliyense. Udzafotokoze m'Chichewa, pang'onopang'ono. Sindidzalemba manotsi. Ndidzangokudula mawu paliponse pomwe ndasochera, kakhumi ngati n'kofunika, n'kukuuza kuti tabwereza mwanawe, sindinamve.

Ndine bambo ako,
amene akhale akumvetsera foni Lamulungu lililonse masana.